Thovu la soda ndi viniga ana amalikonda, koma akutolapo chiyani?

Mai_wa_Mapasa:
Moni nonse. Funso langa ndi la ana a zaka 5 mpaka 8. Zoyeserera za sayansi zimene zafala kwambiri ndi zija zodabwitsa: kuthira viniga pa soda thovu n'kusefukira, kuvindikira kandulo ndi tambula madzi n'kukwera. Ana amakuwa, amaomba m'manja, koma mukawafunsa mawa lake kuti chinachitika n'chiyani, yankho limakhala lakuti "zinaphulika." Pamenepa taphunzitsa sayansi kapena tangoonetsa matsenga? Ndithandizeni ndi zoyeserera komanso zidole zopanga pakhomo zimene mwana angatolepo kanthu. Chonde muzitchula miyeso, osangoti "thirani pang'ono."

Gogo_Choko:
Soda ndi viniga sizinalakwe kanthu, amayi. Cholakwika n'chakuti wamkulu amachita zonse, mwana n'kukhala woonerera. Musanathire chilichonse, mwana anene chimene akuganiza kuti chichitika. Pobwereza musinthe chinthu chimodzi chokha. Ndipo pakhale chowerenga kapena choyeza, ngakhale ndi kachingwe chabe.

Za soda zomwezo chitani chonchi. Mabotolo atatu apulasitiki a theka la lita, lililonse muthiremo viniga wokwana mamililita 100. Zibaluni zitatu zofanana: m'choyamba muike soda theka la supuni yaing'ono, m'chachiwiri supuni imodzi, m'chachitatu masupuni anayi. Fanelo mungopinda yapepala. Vekani chibaluni pakamwa pa botolo chili chogwera pambali, kenako chiimikeni kuti soda agwere mkati. Thovu likatha, mwana azungulize chingwe pamimba pa chibaluni chilichonse n'kudula, zingwe zitatuzo aziyale pansi moyandikana.

Pafupifupi mwana aliyense amalosera kuti chachitatu chikula kutalitali. Chimangoposa chachiwiri pang'ono, ndipo pansi pa botolo pamatsala soda woyera amene sanagwire ntchito. Viniga wa m'khitchini amakhala ndi asidi magawo 5 pa 100 aliwonse, choncho mamililita 100 amatha kudya soda wokwana magalamu 7 okha, kungopitirira supuni imodzi, ndipo mpweya wotulukapo ndi pafupifupi malita awiri basi. Viniga akatha mphamvu, zatha. Funso lokoma lili apa: "Tiwonjezere chiyani kuti soda wotsalayu adzuke?" Mumusiye apeze yekha.

Kalulu_Wanzeru:
Kungowonjezera pa zimene anena agogo. Chibaluni chatsopano chimakhala cholimba, ndiye chiyambeni mwachiuzira kawiri kapena katatu n'kuchiphwetsa, apo ayi chimavuka pabotolo viniga n'kuthambalalira m'maso mwa ana. Fanelo ikhale youma, ikanyowa soda amatsekeka. Ndipo mwana agwire botolo thovu lili mkati. Ambiri amayembekezera kuti litentha, pamene limazizira.

Bololo22:
Ine yanga ndi ya kandulo yomweyo, musainyoze. Kandulo yaifupi muimike pakati pa mbale, thirani madzi kuya kwake sentimita imodzi, yatsani, vindikirani ndi tambula. Moto umadya okosijeni yense, madzi n'kukwera kudzaza malo ake. Mwana amaona ndi maso ake kuti okosijeni ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya.

Labu_ya_Pakhonde:
A Bololo, pepani, apa ndikutsutsani. Kufotokoza kumeneko kwafala zedi, m'mabuku ena kulimo, koma si koona. N'zoona kuti okosijeni ndi magawo 21 pa 100 a mpweya. Koma kandulo simaliza okosijeni yense, imazima akatsika kufika pa magawo 16 kapena 17. Ndiponso okosijeni wapsayo sasiya malo opanda kanthu: pa magawo atatu alionse amene apsa pamabadwa magawo awiri a mpweya wina wotchedwa carbon dioxide. Mukawerengera, malo otsala chifukwa cha kupsako safika n'komwe magawo awiri pa 100.

Nanga madzi amakwera bwanji chonchija? Ndi kutentha. Lawi limatenthetsa mpweya, mpweyawo umafutukuka, wina n'kuthawira pansi pa tambula. Timathovu timene timatuluka mukangovindikira ndi umenewo. Lawi likazima, mpweya wotsala umazizira n'kunyala, nthunzi imasanduka timadontho pagalasi, ndiye mpweya wakunja umakankhira madzi mkati. Yang'anitsitsani nthawi yake: madzi amathamanga kukwera lawi litazima kale, osati likuyaka.

Bololo22:
Ndiye mabuku onsewo akunama, inu nokha ndinu woona? Madzi amafikadi chapamenepo, nditha kukuyezerani ndi rula.

Labu_ya_Pakhonde:
Rulayo musaisiye patali, achimwene. Tambula ikhale yomweyo, muyambe ndi kandulo imodzi, kenako ziwiri, kenako zitatu, ndipo ulendo uliwonse muike chizindikiro pamene madzi aima. Okosijeni wa m'tambulamo ndi wofanana maulendo onse atatu. Madzi akanakhala kuti akuyeza okosijeni, akanaima pa mzere umodzi. Koma makandulo akachuluka madzi amapitirira, chifukwa mpweya wotentha wothawa wachulukanso. Chachiwiri, chotsani kandulo yonse. Viikani tambula m'madzi otentha kwa mphindi imodzi (osati owira, galasi lingasweke), muivundikire m'mbale ya madzi ozizira. Madzi akwera popanda moto uliwonse.

Mukafuna gawo limodzi mwa asanu lenilenilo, njira yake ndi dzimbiri. Tengani kachidutswa ka sitiliwulo, uja wosalala wochita dzimbiri, kaviikeni mu viniga mphindi imodzi kuti mafuta achoke, kafinyeni, kakankhireni pansi pa tambula yopapatiza mosapanikiza, n'kuivundikira m'mbale ya madzi. Mawa lake madzi adzakhala atakwera kuyandikira gawo limodzi mwa asanu, chifukwa dzimbiri limameza okosijeni osabweza mpweya wina. Ngati tambula ndi ya mamililita 250, madzi okwera ndi pafupifupi 50, ndiye m'mbale mukhale ochuluka kuposa pamenepo. Waya wonyezimira uja wosachita dzimbiri sathandiza.

Bololo22:
Ya makandulo atatuyo yandigwira pakhosi. Chabwino.

Mai_wa_Mapasa:
Zikomo aphunzitsi, koma mwana wa zaka 6 ndimuuza chiyani pa zonsezi? Magawo 21 pa 100 sangamve.

Gogo_Choko:
Madziwo asiyeni kaye mpaka atafika zaka 10. Wa zaka 6 mumupatse funso limodzi: moto ukhala nthawi yaitali m'botolo liti? Mabotolo agalasi akukamwa kwakukulu atatu, laling'ono, lapakati ndi lalikulu. Inu muziyatsa ndi kuvindikira, iye aziwerenga mokweza mpaka lawi lizime, n'kulemba nambala. Phunziro ndi lakuti moto umafuna mpweya, ndipo botolo looneka lopanda kanthu lili ndi kanthu. Musanabwereze, kupizani botolo kuti mulowe mpweya watsopano. Mukaiwala, ulendo wachiwiri lawi lizima msanga, nambala n'kusokonekera.

Tsabola_Wakale:
Ine za moto kwa ana ang'onoang'ono sindigwirizana nazo. Chimene waona lero muli pompo, mawa akachiyesa yekha kuseri kwa chitseko. Komanso nonse mukukamba zoyeserera za mphindi zisanu. Mwana amaphunzira zambiri pa chidole chimene wapanga yekha, chikakana kuyenda n'kumachikonza sabata yonse.

Mmisiri_wa_Zidole:
Apo mwalasa, a Tsabola. Nayi galimoto yoyendera chibaluni. Thupi lake ndi kachidutswa ka katoni kolimba, masentimita 15 m'litali ndi 8 m'lifupi. Timapaipi tiwiri tomwera zakumwa mutidule masentimita 9, mutimate ndi tepi kunsi kwa katoni mopingasa, kena kutsogolo kena kumbuyo. M'timapaipimo mulowetse timitengo towongoka ta masentimita 12, toonda moti tizizungulira momasuka. Matayala ndi zitsekerero zinayi za mabotolo zofanana kukula. Kuboola ndi ntchito ya wamkulu, ndi msomali, ndipo zitsekerero zambiri zili ndi kadontho pakati penipeni kokutsogolerani. Kapaipi kachitatu mukalowetse m'khosi mwa chibaluni masentimita atatu, mukulunge tepi mpweya usamatulukire m'mbali, n'kukamata pamwamba pa katoni, kukamwa kwake kutaloza kumbuyo.

Ulendo woyamba siyenda bwino, ndipo musaikonze inu. Ikamakhotera mbali imodzi, timapaipi takunsi sitinayang'anizane bwino, kena kapendama. Ikamatsimphina, bowo la tayala lina silili pakati. Ikangoima chiimire mpweya n'kutha, onani ngati matayala akukhula katoni (pakhale kampata ka theka la sentimita mbali zonse), ngati guluu walowa m'kapaipi n'kugwira kamtengo, kapena ngati chibaluni chikukwekwereza pansi. Kapaipi kakumbuyo kakaloza kumwamba, mphamvu yambiri imangotayika. Pamchenga kapena pamphasa siyenda, imafuna posalala.

Ikayamba kuyenda ndiye muyambe kuyeza. Mwana auzire kawiri, kenako kanayi, kenako kasanu ndi kamodzi, mtunda aziyeza ndi mapazi ake. Muyeso uliwonse aubwereze katatu, aone yekha kuti nambala sizifanana ndendende. Tsiku lina musasinthe mpweya, musinthe katundu: mwala umodzi, iwiri, itatu.

Kalulu_Wanzeru:
Ndipo akafunsa chimene chikuiyendetsa, yankho ndi losavuta: mpweya wotuluka ukukankha mpweya wakumbuyo, ngati munthu wokankha khoma.

Mmisiri_wa_Zidole:
Ayi, a Kalulu, imeneyo ndi mbale wake wa ya kandulo ija. Galimotoyi sifuna chotsamira kumbuyo. Chibaluni chimakankhira mpweya kumbuyo, mpweya womwewo n'kukankhira chibaluni kutsogolo. Ndi lamulo lachitatu la Isaac Newton la kayendedwe ka zinthu, limene linasindikizidwa mu 1687, ndipo n'chifukwa chake roketi imayenda kuthambo kumene kulibe mpweya woukankha. Kwa mwana mungoti: "Ukaponya chinthu kumbuyo, iwe umapita kutsogolo."

Kadzidzi_Maso:
Palibe watchula telefoni ya chingwe? Makapu awiri apepala kapena apulasitiki yopyapyala, kabowo kakang'ono pansi pake, chingwe choonda cha mamita 8 mpaka 10, mkati mumangirire kamtengo ka machesi kuti chisasololoke. Zolepheretsa ndi zitatu. Chingwe chikakhwepa mawu sadutsa. Chikakhudza ngodya ya khoma kapena chala cha munthu, mawu amafera pomwepo. Chachitatu n'chimene ambiri saona: chingwe chikafupika, ana amamvana kudzera mumpweya wamba n'kumati telefoni yagwira. Azinong'ona, ndipo womvera atseke khutu linalo. Kenako wina atsine chingwe pakati pamene mnzake akulankhula, amve kunjenjemera pa zala zake. Mukatero musinthe chingwe chokha: ulusi wosokera, chingwe chowedzera nsomba, ulusi wolukira majuzi, kawaya koonda. Wolukira majuzi umameza mawu chifukwa ndi wofewa.

Bololo22:
Zitini ndiye zenizeni, makapu apepala n'zachibwana.

Kadzidzi_Maso:
Pansi pa chitini ndi pokhuthala, sipanjenjemera msanga ngati pa kapu, komanso milomo yake imacheka. Koma pangani zonse ziwiri, ana aweruze okha.

Foni_Yanga_Yafa:
Mavuto onsewa bwanji? Pa YouTube zonsezi zilipo, zojambulidwa bwinobwino, osataya viniga.

Tsabola_Wakale:
Pa vidiyo galimoto imayenda ulendo woyamba womwewo. Zokhota ndi zotsimphina anadula.

Foni_Yanga_Yafa:
Komabe zina pakhomo simungazionetse, monga phiri lophulika kapena anthu oyandama m'chombo chakuthambo.

Gogo_Choko:
Zimenezo aonere, palibe akuletsa. Koma tibwerere ku funso la amayi. Dzira loyandama silinatchulidwe, ndipo n'lowerengeka bwino. Madzi mamililita 250 m'tambula, dzira laliwisi latsopano. Limamira. Litulutseni, thirani mchere supuni yaing'ono imodzi, takasani mpaka usungunuke wonse, libwezereni. Pitirizani, mwana akuwerenga masupuni. Kawirikawiri limanyamuka pakati pa supuni yachisanu ndi yachisanu ndi chiwiri. Mchere ukangokhala pansi osasungunuka sugwira ntchito, ndiye madzi ofunda pang'ono amathandiza. Dzira likayandama musanathire mchere n'komwe, ndi lakale: mpweya wachuluka mkati mwake, litayeni.

Kalulu_Wanzeru:
Vuto langa apa ndi mawu. Tikati "cholemera chimamira, chopepuka chimayandama," mwana wochenjera afunsa kuti nanga singano imamira bwanji pamene chipika chimayandama. Azungu ali ndi liwu lakuti density. Ife tinene chiyani?

Labu_ya_Pakhonde:
Liwulo ngakhale kwa eni ake mwana wa zaka 6 salimva, ndiye musadandaule nalo. Muonetseni. Kolekani hang'ala pa msomali, mumangirire makapu awiri ofanana kumapeto kwake, mwapanga sikelo. M'kapu ina madzi wamba, m'inzake madzi amene mwasungunuliramo masupuni aakulu atatu a mchere pa mamililita 250, onse afike pa mzere umodzi. Mbali ya mchere itsika. Mawu ake ndi awa: "Kuchuluka n'kofanana, kulemera n'kosiyana." Dzira limamira likamalemera kuposa madzi ochuluka ngati ilo lomwe. Mchere sunapepukitse dzira, walemeretsa madzi. Ana ambiri amaganiza kuti chasintha ndi dzira, ndiye afunseni.

Mai_wa_Mapasa:
Nanga za magetsi? Ndimamva kuti mandimu amayatsa babu.

Dokotala_wa_Mawaya:
Amayatsa, koma ambiri amakhumudwa chifukwa cha babu lolakwika. M'ndimu mukabaya msomali wokutidwa ndi zinki, monga wokhomera malata, ndi kawaya ka kopa motalikirana masentimita awiri osakhudzana, mumapeza mavolti pafupifupi 0.9, koma magetsi oyenda ndi ochepetsetsa. Kababu ka tochi kachikale ka kaulusi mkati sikayaka olo mutasonkhanitsa mandimu khumi. Pamafunika kababu ka LED kofiira, kamene kamayamba kuwala pa mavolti pafupifupi 1.8. Mandimu atatu kapena anayi, kopa wa uyu kulumikiza ku msomali wa winayo, mpaka kutsale msomali umodzi ndi kopa mmodzi kumapeto. Mwendo wautali wa LED upite ku kopa. Mukatembenuza sikayaka. Yambani mwawafinya mandimuwo powagubuduza patebulo, palani zitsulo ziwale, ndipo muonere mumdima chifukwa kuwala kwake n'kochepa. Musauze mwana kuti m'mandimu muli magetsi. Mphamvu ikuchokera ku zinki amene akudyeka, madzi a mandimu ndi njira chabe. Alessandro Volta mu 1800 anachita zofananazo ndi zinki, kopa ndi madzi amchere. Mukamaliza mandimuwo atayeni, asadyedwe.

Kwa ana aang'ono ine ndingasankhe maginito a msomali, chifukwa zotsatira zake zimawerengeka. Msomali wachitsulo wa masentimita 10, waya wa kopa woonda wokutidwa wotalika mita imodzi ndi theka, batire imodzi yaikulu ya tochi ya mavolti 1.5. Kulungani waya pa msomali maulendo 20 molowera mbali imodzi, sendani nsonga zonse ziwiri, gwirizitsani ku batire, mwana awerenge timawaya topanira mapepala timene msomali wanyamula. Kenako maulendo 40, kenako 60, waya womwewo osaudula, kuti chosintha chikhale chimodzi. Mukakulunga theka mbali iyi theka mbali inayo, mphamvu zimafafanizana. Musagwirizitse kupitirira masekondi 10, waya amatentha ndipo batire imatha msanga. Msomali umasunga timphamvu pang'ono mukachotsa batire, choncho muyeso uliwonse ukhale ndi msomali wake.

Namwino_Usiku:
Ndilowererepo pa za chitetezo, chifukwa zina sizikhululuka. Timabatire tozungulira ngati batani tisapezeke patebulo la ana. Kakamezedwa n'kutsakamira pakhosi kamatha kuwotcha mnofu m'maola awiri okha, ndipo mwana wotero athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. Timaginito ting'onoting'ono tamphamvu n'chimodzimodzi: tiwiri tikamezedwa timakokana matumbo ali pakati. Zidutswa za chibaluni chophulika zitoledwe msanga, zimatsamwitsa. Soda amene tikunena ndi wophikira, osati uja wopangira sopo, amene amawotcha khungu ndi maso. Viniga asasakanizidwe ndi jiki, pamatuluka mpweya wa klorini. Soda ndi viniga musazitsekere m'botolo ndi chitsekerero.

Dokotala_wa_Mawaya:
Zoona, anamwino. Ndiwonjezere kuti maginito a msomaliwo asayesedwe pa batire ya galimoto, ya foni, kapena pa soketi. Ndi batire ya tochi yokha.

Tsabola_Wakale:
Chopanda moto, chopanda batire, chopanda chomeza: katungwe wa patebulo. Mangani mwala ku ulusi, ulusiwo muupanikize m'mphepete mwa tebulo ndi mabuku kuti mwala ulendewere. Kuchokera pomangirira mpaka pakati pa mwala pakhale masentimita 25. Kokerani pambali pang'ono, musiye osakankha. Kupita ndi kubwerera ndi ulendo umodzi. Maulendo 10 amatenga masekondi 10. Talikitsani ulusi kufika mita imodzi, pamenepa mumangirire pa chitseko, maulendo 10 atenga masekondi 20. Tsopano funsani kuti mwala wolemera kawiri uthamanga kapena uchedwa. Ana amagawikana, akuluakulu nawonso. Nthawi sisintha. Galileo anazifufuza zimenezi, ndipo Christiaan Huygens anapangira pomwepo wotchi mu 1656.

Bololo22:
Sisintha bwanji? Mukawonjezera miyala nambala zimasuntha ndithu.

Tsabola_Wakale:
Zimasuntha mukamangirira mwala wachiwiri kunsi kwa woyamba, chifukwa mwatalikitsa katungwe osadziwa. Ndasintha maganizo pa mwala: mangani kapu yaing'ono, muike mchenga theka, kenako m'malo mwa mchenga muike misomali kufika pa mzere womwewo. Kulemera kwasintha, kutalika ayi. Musakokerenso patali kwambiri, kotalika ngati chikhatho kwakwana pa ulusi wa mita. Ndipo muziyeza maulendo 10, osati umodzi, chifukwa chala chimachedwa pa wotchi.

Mai_wa_Mapasa:
Ndalemba zonse. Funso lomaliza: ana awiri, wina sanayambe kulemba manambala. Zotsatira azisunga bwanji?

Gogo_Choko:
Ndi zinthu, osati manambala. Pa dzira, supuni iliyonse ya mchere aike kamwala kamodzi m'mbale. Pa galimoto, adule chingwe chotalika ngati mtunda umene yayenda, zingwezo muzimate pakhoma moyandikana, zonse zoyambira pa mzere umodzi pansi. Pa maginito, timawaya timene msomali wanyamula atiyale m'mizere itatu. Wodziwa kulembayo aike 20, 40 ndi 60 pansi pa mizereyo.

Kadzidzi_Maso:
Zingwe zapakhomazo zikhale za mtundu umodzi wosatanuka. Ulusi wolukira majuzi umatalika mwana akaukoka, galimoto yoluza n'kupambana.